Usanapereke Sopo Uja ku Champhira

Mzimba Boma,
Lachisanu masana

Mwana wanga Tiwonge,

Ndikulemba kalatayi pa tebulo la m'shedi momwe timapangira sopo, dzuwa lidakali pamutu, iwe uli kokonzetsa tsitsi ndi anzako. M'nyumba simukukhalika: azakhali ako akusenda anyezi, a kwaya akubwereza nyimbo imodzimodzi, ndipo aliyense wondiona akufuna kudziwa kumene kuli mipando yobwereka. Mawa ukwati wako ndi Yotamu ukadalitsidwa, galimoto lidzakunyamula pamodzi ndi katundu wako kupita kwawo kwa mwamuna wako, kuseri kwa Champhira. Koma pali nkhani imene tinaisiya pakati m'mawa uja, ndipo sindingalole kuti ikwere nawo galimotolo isanathe. Pakamwa tinalephera, chifukwa iwe unali kulira ndipo ine ndinali kukweza mawu. Papepala mwina tikhoza.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika, kuti tisatsutsane pa zimene tonse tinaona. Azakhali ako ananyamula katoni ya sopo amene unapanga kuti ukapereke kwa apongozi ako, nati pansi pake panyowa. Posakhalitsa anayamba kupukuta dzanja pa chitenje, akuti likuyabwa. Ndinatulutsa tabuleti imodzi ndi kuidula pakati. Mkati munali timabowo, ndipo m'timabowomo munali madzi. Dontho limodzi linagwera pa chala changa chachikulu. Mpaka pano khungu la pamenepo ndi lofiira, ngakhale ndinatsuka pampopi nthawi yaitali. Nditakuitana unati, "Amama, ndi phulusa chabe lija mumati silivuta." Nditati ayi, unati, "Chilichonse chimene ndingapange ine, kwa inu ndi mayeso basi. Ngakhale pa ukwati wanga mwabwera ndi cholembera chofiira?" Kenaka unamanganso katoniyo ndi chingwe chobiriwira, nuilowetsa pansi pa masutikesi ako.

Mawu ako aja ndawalandira, ndipo si onse amene ndikuwatsutsa. Zaka zimene ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale zinandisiyira diso lofulumira kuona cholakwa lisanaone chokoma, ndipo iwe wakula pansi pa diso limenelo. Mlandu umenewo tidzaukamba tsiku lina, ndipo ndidzamvetsera. Koma lero nkhani si ya iwe ndi ine. Ndi ya mwana wa Towera, mlamu wako, khanda limene khosi lake silinalimbe n'komwe. Unalonjeza apongozi ako, a NyaTembo, kuti sopo ameneyu, wopanda fungo ndi wopanda utoto, ndi wosambitsira khandalo. Ndinalipo pamene anawomba m'manja nati, mosakaniza ndi Chitumbuka chawo, "Yewo chomene, mkamwana. Mbwenu mudzi wonse udziwe kuti talandira munthu wa manja." Sopo ameneyo akakhudza khungu la mwanayo adzamuwotcha. Thovu lake likalowa m'maso, chingachitike sindifuna kuchilemba. Usakampereke, Tiwonge.

Tsopano za phulusa, popeza mtsutso wako wagona pamenepo, ndipo si mtsutso wopusa. N'zoona kuti pamwamba pa sopo watsopano pamabwera kaufa koyera, makamaka nyengo yozizira, ndipo n'zoona kuti ndinakuphunzitsa kusakaopa. Kaufa kameneko kamabadwa pamene soda wa pamwamba wakumana ndi mpweya sopo asanalimbe. Kamakhala kunja kokha. Ukakapukuta ndi kansalu konyowa kamachoka, ndipo ukadula tabuletiyo mkati mwake mumakhala mosalala, mwamtundu umodzi, mouma. Sopo wako sali choncho. Vuto lake lili mkati. Akuyoyoka m'mbali mpeni ukamadutsa, ali ndi mizere yoyera ndi yachikasu yosasakanikirana, ndipo akulira madzi. Madzi amenewo ndi soda wa kositiki amene sanapeze mafuta oti agwirane nawo. Sopo amapangika pamene soda yense wakumana ndi mafuta ndi kusanduka chinthu china chosaluma. Wotsalira amakhalabe soda, ndipo ntchito yake ndi imodzi kulikonse: kudya mafuta. Khungu la munthu nalo lili ndi mafuta, ndipo la khanda ndi lopyapyala kuposa langa.

Pamene unkapanga sopoyu ndinali kwathu ku Ntcheu, ku maliro a malume, choncho zimene ndikunenazi ndikuziwerenga pa sopo mwini wake. Ukapeza kuti ndalakwa, undiuze. Ndikuganiza kuti sikelo unaigwiritsa bwino, chifukwa pa zoyeza sunandikhumudwitsepo. Ndikuganizanso kuti unagwira ntchitoyi m'mamawa, pakhonde, kuti uthe msanga ukayeze diresi. Kuti mafuta a ng'ombe unawasungunula n'kuwasiya akudikira pamene madzi a soda ankazizira. Ndi kuti utangotakasa pang'ono zinalimba, iwe n'kusangalala kuti zagwirana msanga. Ngati zinali choncho, chimene chinakunyenga ndi chisanu cha Juni, ndipo ndikuchidziwa chifukwa chinandinyenga ine poyamba.

Chaka chimene ndinayamba ntchitoyi, iwe uli kumsana, ndinali nditazolowera mafuta a mpendadzuwa, amene chisanu sichiwalimbitsa. Nditaona kuti kuno ng'ombe n'zambiri ndipo mafuta ake sasowa kwa ogulitsa nyama, ndinasinthira ku amenewo, ndipo soda ndinamuwerengera mwatsopano monga kuyenera, pakuti mtundu uliwonse wa mafuta uli ndi muyeso wake. Chimene sindinachiwerengere ndi mphepo ya Mzimba. Ndinatakasa pabwalo, zinthu n'kulimba ngati phala mwansanga, ine n'kuthira m'zikombole ndikudzitama. Kunena zoona, mafutawo sanagwirane ndi soda. Anangouma ndi kuzizira, monga amaumira pa mbale ya nyama yogona, soda ali m'kati mwawo yekhayekha. Kulimba kwenikweni ndi kwina. Kumachedwa, kumakhala kosalala ndi konyezimira, chidebe chimakhala chofunda ukachigwira m'mbali, ndipo ukadontheza kuchokera pa mthiko mzere umakhala pamwamba osamira. Kulimba kwabodza kumabwera mothamanga, kumaoneka ngati muli timchenga, chidebe chili zii, ndipo ukapitiriza kutakasa zimasungunukanso. Choncho nyengo ino uzipanga sopo masana, m'nyumba yotsegula mazenera koma yosapita mphepo yamphamvu. Mafuta akhale osungunuka mpaka kuonekera pansi, madzi a soda akhale ofunda mofanana nawo, ndipo zikombole uzizifunditsa bulangeti. Zikalimba msanga, usakondwere. Kayikira.

Sopo wanga uja sindinamudule. Kunja anali wokongola ngati wako, ndipo ndinakamusiya pa shopu ya Che Adamu kumsika, amene mpaka lero amatigulitsira makandulo. Sabata isanathe anandiimitsa pakhomo pa shopuyo, makasitomala ali pomwepo, nati, "Aphunzitsi, sopo wanu ndi wakhama pa ntchito. Wachapa malaya, wachapa mabulangeti, wachapanso ndi khungu la m'manja mwa mkazi wanga. Kodi wamtunduwu mumamugulitsa ndi mankhwala ake omwe?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mayiwo anatuluka nandionetsa zala zawo zosupuka. Anali munthu wamkulu, wa manja olimba ndi ntchito, ndipo anatha kutaya sopoyo atangomva kuluma. Khanda silitaya sopo, Tiwonge. Limangolira, ndipo wolisambitsa amaganiza kuti likudana ndi madzi, napitiriza kulipaka. Kuyambira tsiku limenelo palibe sopo amene amatuluka m'shedi muno ndisanadule tabuleti imodzi, ndipo ngakhale wooneka bwino ndimamuyesa: ndimanyowetsa chala, kuchipaka pa sopo, ndi kukhudzitsa kunsonga kwa lilime. Wakupsa amangowawa. Wosapsa amaluma ngati wanyambita batire. Wako usamuyese palilime. Wolira madzi wayankha kale.

Mwina ukuganiza kuti akangokhala nthawi adzaphwa ukali. Sopo amene anagwirana bwino amafatsa ndi kulimba akaikidwa pamthunzi, popita mpweya, kwa mwezi ndi kupitirira. Koma nthawi siisakaniza zimene mthiko sunasakanize. Soda amene ali m'bowo lake, mafuta ali kwina, sadzakumana chifukwa chakuti katoni yagona pansi pa bedi. Usadikire chozizwitsa chimene chilibe njira yochitikira.

Ndikudziwa kuti chimene chikukuvuta si sayansi. Ukudziwa kale kuti ndikunena zoona. Ndinaona mmene unayang'anira chala changa. Chikukuvuta ndi manyazi: kufika pamudzi wa eni ake tsiku loyamba, mawu a apongozi atakutsogolera kale, iwe n'kunena kuti ntchito ya manja ako yalakwika. Manyazi amenewo ndikuwadziwa kulemera kwake, chifukwa inenso ndinali mtengwa wobwera, wosadziwa ngakhale kupereka moni wa Chitumbuka molondola.

Agogo ako, mayi a bambo ako, atamva kuti ndayamba kupanga sopo, ananditumizira sefuliya yawo yaikulu ya aluminiyamu, imene anali kuphikira pa maukwati ndi pa maliro. Pambuyo pake anabwera okha kudzaona mkamwana wawo akuigwiritsa ntchito. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti soda wa kositiki amadya aluminiyamu. Ndinali nditaphunzitsa zimenezo m'kalasi. Koma anakhala pamphasa akumwetulira, ndipo ndinaona kuti kukana mphatso ya apongozi pamaso pawo ndi chipongwe chimene sichifafanizika. Ndinadziuza kuti ndifulumira, palibe chichitike. Ndinasungunuliramo soda. Madzi anayamba kuwira okha popanda moto, nthunzi yotsamwitsa inatithamangitsa tonse, ndipo pobwerera tinapeza sefuliya yada bii, pansi pake patadyeka. Agogo ako anaizunguza m'manja nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa, "Kodi mumadziwa kuti ichita chonchi?" Ndinavomera. Anati, "Nanga pakamwa panu munasungira chiyani? Ine ndinakupatsani poto, sindinakupatseni lamulo." Sanakwiye chifukwa cha sefuliya. Anakwiya chifukwa ndinawayesa munthu wosatha kumva chifukwa. Ulemu umene ndinkaganiza kuti ndikuwapatsa unali wowachepetsa. A NyaTembo ndawaona kangapo konse. Ndi mayi wolankhula mokweza, koma si wogontha. Usakawachepetse pobisa. Ndipo nawonso akakupatsa sefuliya, uwathokoze ndi manja awiri, ukaphikiremo ndiwo. Soda ndi wa m'chidebe cha pulasitiki wolimba kapena chitsulo chosachita dzimbiri.

Makandulo amene unapangiranso apongozi ako ndawaona, ndipo ndikufuna umve izi kuchokera kwa ine, wa cholembera chofiira: alibe cholakwa. Ndinatenga imodzi mwa ija ya phula la njuchi n'kuiyatsa m'shedi muno. Lawi laima chilili, silikufuka utsi, ndipo phula likusungunuka mofanana mpaka m'mbali. Ndiye kuti chingwe unachisankha bwino, pakuti chachikulu chimafukiza ndi kudetsa denga, chaching'ono chimakumba dzenje pakati n'kumira m'phula lake lomwe. Ndinadulanso ina pakati: ndi yodzaza mpaka pansi. Amenewo kapereke mutu uli m'mwamba. Kumene ukupitako alimi a njuchi ndi ambiri, ndipo phula ukalipeza mosavuta kuposa kuno. Uzilisefa ndi nsalu, ndipo uzilisungunula m'chitini choimikidwa m'madzi otentha, osati pamoto penipeni. Likagwira moto, vundikira. Madzi amalimwaza lili chiyakire.

Kudula kandulo pakati ndinakuphunzira movutikira. Amayi a ku tchalitchi anandipempha makandulo a mwambo wa Pasaka, ndipo ndinawathira m'mapaipi a pulasitiki kamodzi kokha, phula lili lotentha kwambiri, osabwereranso kudzawonjezera. Phula likamazizira limanyala, ndipo limayamba kuuma kunja. Mkati, mozungulira chingwe, mumatsala mphako imene diso silingaione. Pakati pa mwambo makandulo anga anayamba kugwera mkati imodzi ndi imodzi, lawi kukula mwadzidzidzi, phula lotentha kutsikira pa zala za anthu. Mayi wina amene anali pambali panga, osadziwa kuti wopanga ndi ine, ananong'ona, "Makandulo a chaka chino ali ngati alaliki ena, kunja mawu, mkati mphepo." Mankhwala ake ndi osavuta: phula likayamba kugwira pamwamba, uboole ndi kamtengo pafupi ndi chingwe, uthirenso lina lodzaza mphakoyo. Koma phunziro lake ndi lomwe lija la sopo. Chimene chidzakhudza thupi la munthu wina, uyambe wachitsegula wekha.

Chinanso, ndipo ichi usachiiwale ngakhale utaiwala zina zonse. Kuno soda wathu amakhala m'shedi yokiya. Kumene ukupita khitchini ndi ya anthu ambiri, ndipo pamudzi chinthu cha mkamwana ndi cha aliyense. Tsiku lina ndinasiya soda wotsala m'botolo la jamu pawindo, ndipo mayi woyandikana nafe, pofuna wothira m'therere, anali atatsegula kale chivindikiro pamene ndinatulukira. Ufa woyera m'botolo la chakudya umaitana dzanja. Ukasunge soda m'chidebe chake chomwecho, chotseka, pamwamba, m'chipinda chanu, ndipo ukawauze onse a pakhomopo, akulu ndi ana, chimene chili m'menemo. Posungunula, soda ndiye amapita m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa soda. Magolovesi ndi magalasi si zodzionetsera. Akagwera pakhungu, thira madzi ambiri osaleka. Akalowa m'maso, madzi omwewo, ndipo thamangirani kuchipatala osadikira kuti muone ngati kupweteka kuleke.

Sopo wako sanatayike, ndipo ichi ndinalephera kukuuza m'mawa chifukwa cha mkangano. Amakonzeka. Timupala ndi chopalira titavala magolovesi, pamodzi ndi madzi ake onse a m'timabowo, pakuti soda ameneyo ndi wa muyeso womwewo ndipo mafuta ake akumudikira. Timuika mu poto wachitsulo ndi madzi pang'ono, pamoto wofatsa, n'kumatakasa mpaka zonse zitasungunuka ndi kugwirana. Chimene chisanu chinalekanitsa, moto umachiphatikiza. Akapitiriza kuluma tiwonjezera mafuta pang'ono. Sadzakhalanso wosalala, ndipo ine sindingamupereke kwa khanda ngakhale atakonzeka, koma adzachapa zovala za pakhomo ponse, ndipo adzakhalabe ntchito ya manja ako.

Pambali pa masutikesi ako ndaikapo katoni ina, yomanga ndi chingwe choyera. Muli sopo amene ndinapanga mvula isanathe: wopanda fungo, wopanda utoto, wouma bwino, ndipo ndamuyesa palilime. Si wokongola ngati wako. Ndinamudula ndi waya, m'mbali mwake ndi mokhota. Ameneyo angasambitse mwana wa Towera. Ndikanatha kusinthanitsa makatoniwo mwakachetechete, ndipo azakhali ako anandiuza kuti nditero. "Ndapota, mulamu," anatero, "musamulize mwana mawa ndi ukwati. Sinthani chabe, sadziwa." Ndakana. Ndikasintha mobisa, iwe udzakhulupirira kuti sopo wako anali wabwino, ndipo Juni wa chaka chamawa udzapanga wina chimodzimodzi, ine ndili kutali. Ndiponso usakanene kuti wangayo ndi wako. Ukagwade pamaso pa apongozi ako unene kuti, "Amama, sopo amene ndinalonjeza sanapse bwino, chisanu chinandilaka. Ndabweretsa wa amayi anga kuti mwana asambe. Wanga ndikupangirani ndili pano, inu mukuona." Mawu amenewo ndi ochepa. Adzakuwawa pakamwa tsiku limodzi. Koma mudzi umene wamva mkamwana akubweza yekha sopo wake udzagula kwa iye mosaopa moyo wake wonse.

Tsopano ndikuuze chimene ndatsimikiza, kuti mawa usadzati ndinakudzidzimutsa. Ndidzaima pafupi ndi galimoto pamene katundu akukwezedwa. Ndikadzaona katoni ya chingwe chobiriwira ikukwera, sindidzakangana nawe ndipo sindidzailanda. Ndidzapita kwa asebele anga a NyaTembo, ndidzagwada pamaso pa mabanja onse awiri, ndipo ndidzawauza kuti sopo ali m'menemo asakhudze mwana. Ndikudziwa kuti mayi wa mkwatibwi satero. Ndikudziwa kuti bambo ako adzayang'ana pansi, kuti nkhaniyo idzafika ku Champhira galimoto lisanafike, ndi kuti mwina udzakhala nthawi yaitali osandiimbira foni. Zonsezo ndaziyeza, monga ndimayezera china chilichonse, ndipo zapepuka poyerekeza ndi maso a khanda lija. Koma ndikupempha, mwana wanga, usandisiyire ntchito imeneyo. Mawuwo akachokera kwa ine adzakuchotsera ulemu. Akachokera kwa iwe adzakupatsa.

Sindikufuna ukhulupirire chifukwa ndanena ine. Pafupi ndi katoni yako ndasiyapo mpeni ndi magolovesi. Ukabwera kokonzetsa tsitsi, masula chingwecho, usankhe wekha tabuleti iliyonse, yapansi kapena yapakati, osati imene ndinadula ine. Uidule. Ukapeza mkati mouma ndi mosalala, ubwere nayo undionetse, ndipo ndidzapepesa pamaso pa azakhali ako. Ukapeza madzi, ubwere nayonso.

Ine ndili m'shedi muno. Mbaula ndayatsa, poto wachitsulo ndatsuka, ndipo zopalira ndatulutsa ziwiri.

Ndine mayi wako.